Kompyuta yahang'a kapena siikuyaka? Musathamangire kufomata

Ndalemba izi chifukwa vuto lake ndi lomwelomwelo, pano pa Ntcheu boma sabata siitha osamva munthu akuti "achimwene, kompyuta ija yafa". Ena amachokera kutali ndithu, ku Lizulu, ku Kasinje, ku Tsangano, CPU, bokosi la kompyuta lija, atayikulunga m'chitenje, ndalama ya transipoti yapita, nde kungoilumikiza pa thebulo la okonza imayaka bwinobwino chifukwa vuto lenileni latsala kunyumba pa ekisitenshoni. Koma amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi aja amabwera wina atawafomatira kale, ma CV a makasitomala, mayeso amene aphunzitsi anatayipa teremu yonse, malipoti a kumpingo, zithunzi za chinkhoswe, zonse zapita, pomwe chinavuta ndi fumbi pa RAM, memori ya kompyuta, basi. Kufomata kompyuta chifukwa yahang'a kuli ngati kuotcha nkhokwe chifukwa mwaonamo khoswe. Nthawi zambiri chovutacho chimakhala chotchipa ndipo mutha kuchipeza nokha.

Ndikunena za ma desktop awa tili nawo ambiri kunoku, akale ochokera kunja, Dell OptiPlex, HP, Lenovo ThinkCentre, a Windows 10 kapena Windows 7, amene ali m'ma stationery, m'masukulu, m'maofesi ndi m'ma burning centre. Pezani mutu umene ukufanana ndi zomwe yanu ikuchita. Pansi pa mutu uliwonse ndayamba ndi zochitika kawirikawiri n'kumatsika mpaka zosowa, nde musadumphe kukayambira kumapeto.

Musanagwire chilichonse mkati

- Zimitsani pakhoma, zulani pulagi, kenako dinani batani la pawa osalisiya masekondi 15 kuti moto wotsalira uthe.
- Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanagwire RAM. Makamaka June ndi July tikavala majuzi, thupi limasunga kamoto kaja kamathetheka povula juzi usiku, kamaoneka kochepa koma kamatha kupha RAM.
- Jambulani ndi foni musanazule chingwe chilichonse, kuti pobwezera musamangoganizira.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chinali vuto.
- Power supply, kabokosi kachitsulo kaja kolowa chingwe cha magetsi kumbuyo, musakatsegule zivute zitani. Muli ma capacitor amene amasunga moto ngakhale mwazula pulagi, atha kukuvulazani koopsa. Monita chimodzimodzi.

1. Mwadina batani koma zii, fani siikuzungulira, kagetsi sikakuyaka

1. Moto sukufika. Ichi ndiye nambala wani. Lowetsani chaja ya foni pa bowo lomwelo muone ngati ikutchaja. Ma ekisitenshoni otchipa aja mabowo ake amakhwefuka msanga, limodzi limagwira lina ayi, nde lumikizani CPU molunjika pa soketi ya pakhoma. Onaninso ngati mayunitsi sanathe pa mita. Babu likamayaka mofiirira ndiye kuti magetsi abwera ofooka, kuno timayenera kulandira 230V ndipo akatsika kwambiri kompyuta imakana kudzuka. Apo zimitsani pakhoma mudikire akhazikike, osamakakamiza.
2. Chingwe cha pawa kapena fyuzi ya mu pulagi. Chingwe cha monita nthawi zambiri chimakhala chofanana ndi cha CPU, sinthanitsani muone. Ngati ndi fyuzi yapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Chonde abale, zokulunga fyuzi ndi pepala la siliva kapena kawaya zija lekani, fyuzi imapsa kuti ipulumutse kompyuta ndi nyumba yanu.
3. Kaswitchi ka kumbuyo. Ma power supply ena ali ndi kaswitchi kolembedwa I ndi O, kakhale pa I, ana kapena osesa amatha kukakhudza osadziwa. Makompyuta akale ena alinso ndi kena kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kameneka kayenera kuonetsa 230. Ngati kompyuta mwangoilandira kumene kuchokera kwa abale a ku America, yang'anani pamenepo musanayatse koyamba, chifukwa ikakhala pa 115 imaphulika pompo.
4. UPS, kabokosi kosunga moto kuti kompyuta isazime magetsi akathima, yatha batire. Mkati mwa UPS zing'onozing'ono muli batire la 12V limene limatha pakapita zaka zochepa, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi limatha msanga. UPS ina batire likafa siitulutsa moto olo magetsi alipo. Idutseni, lumikizani pakhoma, ikayaka mwapeza vuto.
5. Magetsi anathima n'kubwera mwamphamvu, power supply yadzitseka yokha. Zulani pulagi, dinani batani masekondi 30, dikirani mphindi zisanu, bwezerani. Makompyuta ambiri amene eni ake anali atawalira kale amadzuka ndi kameneka.
6. Bowo la USB lathyoka mkati. Izi n'zofala pamalo okopera nyimbo ndi mafilimu pomwe mafulashi amalowa n'kutuluka tsiku lonse. Unikani ndi tochi ya foni, ngati kapulasitiki ka mkati kathyoka ndipo tizitsulo tikukhudzana, kompyuta imakana kuyaka. Zulani zonse za USB, pulinta, kiyibodi, mausi, yesani.
7. Power supply yafa. Ma Dell OptiPlex ambiri ali ndi kabatani kakang'ono kumbuyo pa power supply pafupi ndi kagetsi. Mukakadina kagetsi n'kuyaka, fani n'kuzungulira, ndiye kuti ili moyo. Kakakhala zii, mwina ndi imeneyo. Yosinthira igwirizane ndi modelo yanu, za Dell ndi HP zambiri mapulagi ake ndi awoawo, si iliyonse imalowa.
8. Motherboard, bolodi lalikulu la mkati pomwe zida zonse zimalumikizidwa, yapsa, makamaka nthawi ya dzinja ndi mphenzi. Mphenzi imalowera pa waya wa magetsi komanso pa chingwe cha netiweki, kuzimitsa batani kokha sikuteteza, kukamagunda zulani pakhoma.

Mukamva fungo la pulasitiki wopserera, mukaona utsi kapena kuthetheka, musayatsenso kuti "ndione kaye". Ndipo ngati bokosi likumakugwirani shoko mukalikhudza, vuto ndi waya wa earth wa nyumbayo, itanani wa zamagetsi wodziwa ntchito yake tsiku lomwelo, pali ana amene amagwira bokosi limenelo alibe nsapato.

2. Mafani akulira, kagetsi kakuyaka, koma sikirini ili bii

1. Monita kapena chingwe chake. Ngati monita ikulemba No Signal ndiye kuti iyoyo ili bwino, chithunzi ndi chimene sichikufika. Zulani chingwe mbali zonse ziwiri mubwezere molimba. Cha VGA, cha mutu wa buluu chija, yang'anani ngati timapini sitinapindike. Dinani batani la Source kapena Input pa monita musankhe pomwe mwalowetsa, VGA, HDMI kapena DisplayPort. Ngati kumbuyo kwa CPU kuli mabowo a chithunzi malo awiri, ena m'mwamba pafupi ndi USB ena m'munsi paokha, ndiye kuti muli graphics card, kadi yapadera yotulutsa chithunzi, lowetsani m'munsimo. Mukhozanso kuyesera pa TV ya kunyumba.
2. RAM yakhwefuka kapena yada. Pa zonse za mkati mwa bokosi, ichi ndi chimene ndimakumana nacho kwambiri, makamaka kompyuta ikayenda ulendo pa msewu wa mabampu kapena ikakhala nthawi yaitali osayatsidwa m'chipinda cha chinyezi, monga za kusukulu zikatsekeredwa holide yonse. Tsegulani chivindikiro cha m'mbali, muona tizidutswa titalitali, nthawi zambiri tobiriwira, taimirira pafupi ndi fani ya processor, ubongo wa kompyuta uja. Kankhirani kunja timahuku ta kumapeto, RAM idzuka yokha. Igwireni m'mphepete, osati pa mano ake agolide. Manowo afufuteni pang'onopang'ono ndi labala yoyera ya pensulo, sasani zinyenyeswa ndi kansalu kouma, osati madzi, osati malovu, osati sandipepa. Pobwezera yang'anani kampata kali pakati pa manowo kagwirizane ndi ka m'bowo, dinani mbali zonse ziwiri mpaka timahuku titseke tokha. Ngati zilipo ziwiri, yesani imodzi payokha, kenako inzake, kenako bowo lina. Mukatero mudziwa ngati yafa ndi RAM kapena ndi bowo. Pogula ina, DDR3 ndi DDR4 sizilowana, tengani yakaleyo mukaonetse.
3. Inagona n'kukanika kudzuka. Ngati inada muli mkati mogwira ntchito kapena mutaisiya kanthawi, pa Windows 10 ndi 11 dinani pamodzi batani la Windows, Ctrl, Shift ndi B. Imalira kamodzi n'kuphethira, chithunzi chimabwerera. Zikakanika, dinani batani la pawa osalisiya mpaka izime, yatsaninso.
4. Kabatire ka motherboard katha. Ndi kozungulira, kosiliva, kolembedwa CR2032, ka 3V, kamapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu a zamagetsi. Kachotseni, dikirani mphindi zisanu, ikani katsopano mbali ya + ili pamwamba.
5. Graphics card. Ngati ilipo, izuleni mulumikize monita pa bowo la m'mwamba lija.
6. Power supply yofooka kapena motherboard. Yang'anani ma capacitor, timigolo ting'onoting'ono taimirira pa motherboard. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati, ngati tatupa kapena tikutuluka zofiirira, imani pomwepo.

Ikamalira pii pii poyaka, kapena batani la pawa likamaphethira kagetsi ka olenji, musanyozere. Kompyuta ikunena chomwe chavuta, koma kampani iliyonse ili ndi mawerengedwe ake, nde jambulani kavidiyo, werengani kuti ikulira kangati, mufufuze pa intaneti pamodzi ndi dzina la modelo yanu kapena mukaonetse okonza.

3. Ikuyaka koma ikuima pa chizindikiro cha Dell kapena HP, kapena timadontho tikungozungulira osafika pa Windows

1. Mwasiya fulashi, memori kadi kapena foni pa USB, nde kompyuta ikufuna kudzukira pamenepo. Zulani zonse kupatula kiyibodi ndi mausi, yatsaninso.
2. Ikupanga update. Ikalemba kuti musazimitse, musazimitsedi. Pa kompyuta ya hadi disiki yakale zimatha kutenga ola kapena awiri. Yang'anani kagetsi ka disiki kutsogolo kwa bokosi, kakamaphethira ndiye kuti ntchito ikuyenda. Langizo langa ndi loti ma update musamawayambitse nthawi imene mukudziwa kuti magetsi amakonda kuthima, pokhapokha muli ndi UPS yamoyo.
3. Kabatire ka CR2032 kaja. Chizindikiro chake ndi uthenga wonena za tsiku ndi nthawi, kukuuzani kuti dinani F1, kapena wotchi kubwerera zaka za m'mbuyo. Kakatha, zosankha za mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa kompyuta Windows isanayambe, zimabwerera pachiyambi ndipo nthawi zina Windows imakana kudzuka n'kuonetsa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE BOOT DEVICE pomwe disiki ili bwinobwino. Mu BIOS mumalowa ndi F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa Lenovo. Konzani tsiku, koma za SATA ndi Boot ngati simukuzidziwa musasinthe mwachisawawa.
4. Mafayilo a Windows anaonongeka chifukwa magetsi anathima ili mkati molemba. Pa Windows 10 yatsani, timadontho tikangoyamba kuzungulira dinani batani mpaka izime, chitani choncho kawiri kapena katatu, ulendo wotsatira imalowa yokha mu Automatic Repair. Sankhani Advanced options, kenako Troubleshoot, kenako Advanced options kachiwiri. Yambani ndi Startup Repair. Ikakanika yesani Uninstall Updates, kenako System Restore, zimenezi sizifufuta mafayilo anu. Safe Mode, yoyatsa Windows ndi zofunikira zokhazokha, ili pa Startup Settings, Restart, n'kudina 4, ndipo pa Windows 7 mumangodina F8 mobwerezabwereza ikamayaka. Mukalowa mu Safe Mode chinthu choyamba kopani mafayilo anu pa fulashi, kukonza kubwere pambuyo. Chenjerani ndi Reset this PC, mukasankha Remove everything ndiye kufomata komwe kuja.
5. Hadi disiki. Uthenga wa No boot device ukutanthauza kuti disiki siikuoneka. Poyamba zulani ndi kubwezera zingwe zake ziwiri, chopyapyala cha SATA ndi cha moto. Pa Dell dinani F12 poyaka musankhe Diagnostics, pa HP dinani Esc kenako F2, kompyuta imadziyeza yokha n'kukupatsani nambala ya vuto, ilembeni.

Koma disiki ikamalira kuti tiki tiki tiki kapena ikamakwecha, zimitsani nthawi yomweyo, ndipo zozimitsa katatu zija musachite. Kuyatsa kulikonse kukuonongera mafayilo amene akanapulumuka. Osaimenya, osaiika mu fuliji ngati momwe ena amanenera.

4. Munali mkati mogwira ntchito, yangouma

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa kasitomala waima pakhomo akudikira kalata yake, nde dzanja limathamangira ku soketi. Dikirani kaye. Dinani Caps Lock kapena Num Lock muone kagetsi ka pa kiyibodi. Kakamayaka ndi kuzima ndiye kuti kompyuta ili moyo, yangopanikizika. Kakakhala osasintha, yaumadi.

1. Ndi mausi kapena kiyibodi chabe. Sinthani bowo la USB, makamaka a kumbuyo chifukwa a kutsogolo amatha msanga. Ya wayalesi sinthani batire. Zakale za pulagi yozungulira, yapepo ndi yobiriwira, zimafuna kuti muzimitse kompyuta kaye musanazule kapena kulowetsa.
2. Pulogalamu imodzi yasitaka, ikulemba Not Responding. Lekani kudinadina mausi, mukungoonjezera ntchito pa mzere. Ipatseni mphindi zitatu kapena zisanu. Ikapanda kubwerera dinani Ctrl, Shift ndi Esc, mutsegula Task Manager, sankhani pulogalamuyo, End task. Ngati chauma ndi kamzere ka pansi ndi mafoda, pa Windows 10 pezani Windows Explorer mu Task Manager momwemo mudine Restart. Word imasunga yokha kopi mphindi 10 zilizonse ngati simunasinthe, nde mukatsegulanso yang'anani kumanzere pa Document Recovery musanayambe kutayipanso. Koma zolowerani Ctrl ndi S mukamaliza ndime iliyonse.
3. RAM yadzadza. Mu Task Manager pitani pa Performance. Memory ikakhala pa 90% kupita m'mwamba ndiye vuto ndi limenelo. Makompyuta ambiri kuno ali ndi 4GB, nde mwatsegula Chrome ya ma tab 15, Facebook, YouTube, WhatsApp, Word, Photoshop, nyimbo zikuimba, singakwanitse. Tsekani zomwe simukugwiritsa ntchito, pa Startup zimitsani mapulogalamu odziyatsa okha, ndipo mukapeza kangachepe onjezerani ifike 8GB.
4. Disiki ili pa 100% kapena C, gawo la disiki momwe muli Windows, yadzadza. C ikafiira mu This PC, Windows imasowa popumira. Anzanga a burning centre, mafilimu ndi nyimbo musamaunjike pa Desktop kapena mu Downloads, zonsezo ndi C. Samutsirani ku D kapena pa disiki ina, khuthulani Recycle Bin, yendetsani Disk Cleanup, musiye malo osachepera 20GB. Ngati malo alipo koma Disk imangokhala pa 100% tsiku ndi tsiku, disikiyo yatopa. Mankhwala ake enieni ndi SSD, disiki ya mtundu watsopano yopanda zozungulira mkati. Ndimanena izi mobwerezabwereza chifukwa ndimaona anthu akutaya kompyuta yabwino n'kukagula ina yakalenso ya vuto lomwelo, pomwe SSD ya 256GB ikanaisintha kukhala yothamanga, ndipo disiki yakale ija ikanakhala yosungira mafilimu.
5. Pulinta. Ngati imahang'a mukangodina Print, pali ntchito yasitaka pa mzere. Dinani Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Print Spooler mudine Stop, tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS mufufute zomwe zili mkatimo, osati fodayo, bwererani mudine Start.
6. Vayirasi. Pa stationery fulashi iliyonse ya m'tauni imadutsa pa kompyuta yanu, nde n'zosadabwitsa. Zizindikiro zake ndi mafoda kusanduka ma shortcut, Task Manager kukana kutseguka, processor, yolembedwa CPU mu Task Manager, kukhala pa 100% musakuchita kanthu. Pa Windows 10 gulani kabandulo mupange update Windows Security, kenako pa Scan options sankhani Microsoft Defender Offline scan. Mafoda osanduka ma shortcut nthawi zambiri sanafufutike, angobisidwa, musafomate fulashi ya kasitomala. China, ma antivirus awiri kapena atatu pa kompyuta imodzi amalimbana okhaokha mpaka kuumitsa makina, siyani imodzi. Mapulogalamu a crack otsitsa pa mawebusaiti osadziwika ndiwonso amabweretsa zambiri mwa izi.
7. Windows Update ikutsitsa zinthu mobisa mukangolumikiza hotspot. Imadya bandulo n'kulemetsanso disiki. Pa Windows 10, pa zosankha za Wi-Fi yatsani metered connection, muzipanga update nthawi imene mwasankha nokha.

Ngati zonse zauma, Ctrl, Alt ndi Delete osayankha, kagetsi ka disiki osaphethira, pamenepo dinani batani la pawa masekondi 10 mpaka izime. Kamodzi sikuononga kwambiri, koma ikakhala njira yanu yozimitsira tsiku lililonse mukupha disiki ndi Windows yomwe.

5. Imayamba bwino, pakapita nthawi imauma, kuzima yokha kapena kulisitata

1. Kutentha chifukwa cha fumbi. Kuyambira September mpaka mvula itagwa, mashopu a m'mbali mwa M1 ndi a pafupi ndi msika fumbi lake mukulidziwa, ndipo CPU ambiri timaiika pansi pa thebulo pomwe tsache limakankhira zonse. Fumbi limatseka zipsepse za chitsulo chozizitsa processor, fani imalira kwambiri koma mpweya sudutsa, processor ikayandikira madigiri 100 imadzichedwetsa kapena kuzimitsa kompyuta kuti isapse. Tulutsani bokosi panja, tsegulani, uzirani ndi bulowa, olo pampu ya njinga imathandiza, ndi kabulashi kofewa kouma. Gwirani fani ndi chala kuti isazungulire pouzira. Osauzira ndi pakamwa, mpweya wake ndi wonyowa. Muonenso ngati mulibe mphemvu, nyerere kapena mawaya odyedwa ndi makoswe. Mukamaliza ikwezeni pa thebulo, italikirane ndi khoma, ndipo kansalu kokongoletsa kaja muzivundikira ikakhala yozimitsa basi. Yatsani bokosi lili lotsegula muone ngati mafani onse akuzungulira. Ngati ikutenthabe, thermal paste, phala lopaka pakati pa processor ndi chitsulo chozizitsa chija, yauma, imeneyo apakeni odziwa chifukwa timapini ta pansi pa processor tikapindika motherboard yatha.
2. Magetsi osakhazikika. Onetsetsani nthawi imene imazima. Kodi ndi pamene fotokope kapena laminator yayamba kutentha, fuliji yadzuka, owotcherera a pafupi ayatsa makina kapena chigayo chalira? Pulinta ya laser imakoka moto wambiri, isakhale pa ekisitenshoni imodzi ndi CPU ndipo musailumikize pa UPS. Jenereta ing'onoing'ono ndi ma inivata otchipa a sola amatulutsa moto umene ma power supply ena sagwirizana nawo, imalira kapena kungozima. Poyatsa jenereta dikirani ikhazikike musanalumikize kompyuta, ndipo muzizimitsa kompyuta mafuta asanathe.
3. RAM yodwala. Imabwera ndi sikirini ya buluu, kawirikawiri yolembedwa MEMORY MANAGEMENT. Jambulani uthengawo. Dinani Windows ndi R, lembani mdsched, ilisitate idziyeze.
4. Hadi disiki ikutha. Imauma mukamatsegula kapena kukopa fayilo inayake, mafoda amachedwa kutseguka. Kapulogalamu kaulele ka CrystalDiskInfo kamaonetsa Good, Caution kapena Bad. Ikangolemba Caution kopani zanu lero lomwe.
5. Driver, kapulogalamu koyendetsa chida monga pulinta, kapena pulogalamu imene mwaika posachedwa. Ngati mu Safe Mode siikuhang'a, chotsani chomwe munaika komaliza.
6. Power supply yokalamba. Kwa inu a ku Dedza, Bembeke ndi Tsangano kozizira kwambiri, pali chizindikiro china, kompyuta imakana kuyaka m'mawa wa June koma dzuwa likakwera imayaka. Kawirikawiri amakhala ma capacitor atopa. Musaiothetse pa mbaula kapena kuiyanika padzuwa, konzekerani kusintha power supply isanafe n'kutengera zina.

Ndiwonjezere ichi, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 January 2020 ndipo Windows 10 pa 14 October 2025. Makompyuta ake akugwirabe ntchito koma chitetezo chikucheperachepera. Windows 11 imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yatsopanoko, ya Intel kuyambira 8th generation, nde wina akakuikirani mokakamiza pa OptiPlex yakale ya 4GB ndi hadi disiki, musadabwe ikamalemera kuposa kale.

Apa lekani, pitani kwa okonza

- Fungo lopserera, utsi, kuthetheka, kapena fyuzi ikupsanso mukangoika yatsopano.
- Madzi alowa, kaya denga ladontha kaya tiyi watayikira. Zulani pakhoma, osayatsa kuti muyese.
- Disiki ikulira ndipo muli mafayilo amene mulibe kwina.
- Ma capacitor atupa kapena pa motherboard pali popserera.
- Ikufunsa BitLocker recovery key, manambala 48 aja. Amakhala mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake kapena kwa a IT a kuntchito, popanda amenewo mafayilo satseguka.
- Kompyuta ndi ya kuofesi, ya sukulu, ya pulojekiti kapena ikadali pa waranti. Musatsegule bokosi, uzani oyang'anira.

Mukamapita, nyamulani CPU ndi chingwe chake cha pawa, muiyale pa chinthu chofewa kuti isagundegunde panjira. Auzeni okonzawo zoona zokhazokha, inayamba liti, magetsi anathima kapena kunagunda mphenzi, munaikamo chiyani, ndani anaitsegulapo kale, aonetseni zithunzi za mauthenga aja munajambula. Lembani papepala kukula kwa RAM ndi disiki yanu musanaisiye. Nenani momveka kuti asafomate musanagwirizane, ndipo ngati kufomata kuli kofunikadi, ayambe akopa Desktop, Documents, Downloads ndi Pictures inu mukuona, ngakhale Windows itakana kudzuka disiki imatha kuchotsedwa n'kuwerengedwa pa kompyuta ina. Chomwe asintha akubwezereni chakalecho, ndipo pokatenga aiyatse muli pomwepo, mutsegule mafayilo anu angapo, muisiye ikuyenda mphindi 30 musanalipire.